Maliro a ku Palma sanalengezedwe kuno

Pamene ndege yoyamba inkawomba nyumba yosanja ya World Trade Center ku New York pa 11 Seputembala 2001, kuno ku Mulanje nthawi inali itatsala pang'ono kukwana 3 koloko masana. Linali Lachiwiri, m'nyengo ya dzuwa loswa mtengo, pomwe anthu amakhala ali kalikiliki kusosa m'minda. Wailesi ya kanema ya TVM inali ndi zaka ziwiri zokha chiyambire, ndipo nyumba zokhala ndi magetsi m'boma lino zinali zowerengeka. Choncho anthu ambiri a kwa Mabuka, kwa Njema kapena kwa Chikumbu sanaone kanthu tsikulo. Anangomva pa MBC madzulo, kapena kwa mnzawo wochokera pa boma m'mawa mwake. Koma lero, patadutsa zaka zoposa 20, mukangotchula 11 Seputembala pamsika wa Chitakale, sipalephera kupezeka munthu wachikulire woti akufotokozereni za ndege, utsi ndi nyumba ziwiri zogwa, mwinanso n'kukuuzani pamene iye anali atakhala pomva nkhaniyo. Tsikulo linasanduka dzina. Anthu 2,977 amene anaphedwa ndi zigawenga 19 za gulu la al-Qaeda anafera kutali, pamtunda woposa makilomita 12,000, koma maliro awo anatipeza ndipo sanachokenso.

Tsopano tchulani 24 Malichi 2021 pamsika womwewo, muone ngati wina atukule mutu. Tsiku limenelo, Lachitatu chakumadzulo, zigawenga zinalowa m'tauni ya Palma m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique kuchokera mbali zingapo. Zinawononga netiweki ya foni, zinaotcha nyumba ndi maofesi a boma, ndipo kwa masiku angapo zinakhala zikupha anthu m'misewu, m'tchire ndi m'mphepete mwa nyanja. Anthu zikwizikwi anathawira kuchipata cha kampani ya gasi ya Total ku Afungi, ena anakwera mabwato kupita ku Pemba, ena anayenda pansi kulowera kumtsinje wa Ruvuma. Mukayeza molunjika, kuchoka pa Mulanje kufika ku Palma ndi pafupifupi makilomita 800, mtunda wosasiyana kwenikweni ndi wochoka pa Mulanje pomwepa kupita ku Chitipa. Mozambique ndi dziko lomwe lili tsidya la mtsinje wa Muloza, komwe timagula chimanga njala ikavuta. Mtundu waukulu m'chigawo cha Cabo Delgado ndi Amakua, omwe chiyankhulo chawo ndi mbale weniweni wa Chilomwe. Komabe tsikuli silinakhale dzina kuno, ndipo ambiri amene anamvapo za Palma amangodziwa kuti kumpoto kwa Mozambique kuli "ma Al-Shabaab", basi.

Kusiyana kumeneku sikuchokera pa kuuma mtima kwa anthu a ku Mulanje, ndiponso sikuchokera pa mtunda. Munthu amene ali kutali ndi pamene pachitika zoopsa sakumbukira chochitikacho, pakuti sanachione. Amakumbukira uthenga umene unamufika, ndipo uthengawo umakhazikika mumtima ngati wabwera ndi chithunzi, ndi mayina, ndiponso ngati ukubwerezedwa chaka ndi chaka. Izi ife timazidziwa bwino kuchokera pa maliro athu omwe. Amene anakula akumvera mauthenga achisoni pa MBC akudziwa mmene nyumba yonse inkakhalira chete wolengeza akayamba kuwerenga: dzina la malemu, mudzi, mfumu yaikulu, boma, tsiku loika. Akanangonena kuti kwamwalira anthu angapo kumwera, palibe akananyamuka. Chimene chinkadzutsa munthu pamkeka n'kuyamba kufunafuna ndalama ya basi ndi dzina ndi mudzi. Maliro a ku New York analengezedwa motero, ndipo akulengezedwabe. A ku Palma anangodutsa ngati mphekesera.

Akatswiri a mmene ubongo umasungira zinthu anafufuza nkhaniyi mozama, ndipo zimene anapeza zimatichepetsa tonse. Mu 1977, Roger Brown ndi James Kulik analemba kuti uthenga wodzidzimutsa, monga wa kuphedwa kwa John F. Kennedy, umajambulika m'mutu ngati chithunzi, moti munthu amakumbukira pamene anali, amene anamuuza ndi chimene ankachita. Ambiri anakhulupirira kuti chithunzi chotere sichifufutika. Koma pa 12 Seputembala 2001, kutangocha, Jennifer Talarico ndi David Rubin a pa yunivesite ya Duke anafunsa ophunzira 54 kuti alembe mmene anamvera za chiwembucho, komanso alembe kanthu kena wamba kamene kanawachitikira masiku omwewo. Atawafunsanso patapita milungu ndi miyezi, zinaoneka kuti nkhani zonse ziwiri zinali zitasintha mofanana. Chimene sichinasinthe ndi chikhulupiriro chawo chakuti za 11 Seputembala akuzikumbukira ndendende. Wofufuza wina, Kathy Pezdek, anapeza kuti anthu 73 pa 100 alionse amene anawafunsa ankanena kuti anaona pa kanema ndege yoyamba ikuwomba nyumba ija tsiku lomwelo, chonsecho kanema wa ndege yoyambayo sanaonetsedwe kufikira tsiku lotsatira. Anthuwa sankanama. Zimene anaona pambuyo pake zinalowa m'malo mwa zimene anaona poyamba, iwo osadziwa. Ngati zili choncho kwa anthu a ku America komweko, kuli bwanji kwa munthu wa ku Nkando amene anamva pa wailesi ya mabatire ofooka? Zimene akukumbukira lero ndi zimene anamva ndi kuona nthawi zambirimbiri m'zaka zotsatira.

Ndipo anaziona kambirimbiri ndithu. Aliyense wodziwa malo a malonda ngati Limbuli akudziwa chisakasa cha vidiyo: mabenchi a matabwa, chinsalu chakuda pakhomo, jenereta ikulira kuseri, sipika yaikulu panja yoitanira anthu, mnyamata wotolera makobidi ataima pambali. M'zisakasa zotere, ndiponso pa kanema wa m'malo omwera ndi m'nyumba za aphunzitsi, nyumba ziwiri zija zakhala zikugwa mobwerezabwereza, mu nkhani, m'mafilimu ankhondo, m'mapulogalamu a chikumbutso. Chaka chilichonse ku New York achibale amaimirira n'kuwerenga mayina a anthu onse amene anafa, ndipo mawailesi a dziko lonse amatenga mwambowo. Mu 2011 anatsegula malo a chikumbutso pamene panali nyumbazo, mayina onse atazokotedwa pa mkuwa. Ndiko kumanga chiliza kumeneko, ndipo palibe cholakwika m'menemo. Anthu olira ali ndi ufulu wolira mokweza mmene angathere. Koma ku Palma kunalibe makamera. Netiweki itaduka, ngakhale achibale a ku Pemba sankadziwa ngati ana awo ali moyo. Atolankhani anali ataopsezedwa kale kuti asayandikire dera la nkhondo. Mtolankhani wa wailesi ya m'dera la Palma, Ibraimo Mbaruco, anasowa pa 7 Epulo 2020 akuchokera kuntchito, atatumiza uthenga kwa mnzake wonena kuti wazunguliridwa ndi asilikali, ndipo sanaonekenso. Munthu amene akanatha kulengeza maliro a m'tauniyo anali atachotsedwa pafupifupi chaka chathunthu maliro asanachitike.

Ngakhale kuwerenga mitembo kunavuta. Boma la Mozambique linangonena kuti anthu makumi angapo aphedwa. Nyuzipepala za kunja zinaika maso pa hotela ya Amarula, momwe munabisala anthu pafupifupi 200, ena mwa iwo ogwira ntchito ochokera kumaiko ena, ndi pa mdipiti wa galimoto 17 zimene zinayesa kuthawa pa 26 Malichi n'kugwera mumsampha. Nkhani imeneyo ndi yoona ndi yomvetsa chisoni, koma inaphimba tauni yonse. Panadutsa pafupifupi zaka ziwiri kuti mtolankhani Alex Perry, ndi gulu la anthu a m'deralo, ayende khomo ndi khomo m'nyumba zoposa 13,000 akufunsa kuti pakhomo pano panachoka ndani. Anapeza anthu 1,193 amene anaphedwa kapena kusowa, kuphatikizapo ana ndi okalamba, ndi ena oposa 200 amene anagwidwa n'kutengedwa. Chiwerengerocho chikuika Palma pakati pa ziwembu zoopsa kwambiri zimene zigawenga zachitapo padziko lapansi, koma chinatuluka dziko litayang'ana kale kwina. Zofanana pang'ono zinachitika mu 1998. Pa 7 Ogasiti chaka chimenecho, al-Qaeda yomweyo inaphulitsa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam, n'kupha anthu 224. Mwa iwo, a ku America anali 12 okha. Pafupifupi ena onse anali Akenya ndi Atanzania, alembi, ophunzira, okwera basi, odutsa m'njira. Dar es Salaam ndi doko limene katundu wathu amadzera, komabe 7 Ogasiti sinakhale dzina kuno.

Wina anena kuti kuyerekeza kumeneku n'kopanda chilungamo, chifukwa 11 Seputembala inasintha dziko lonse pomwe Palma inasintha chigawo chimodzi. Mfundoyi ndi yoona mbali yaikulu, ndipo sitiyenera kuikana. Pambuyo pa chiwembu cha ku New York kunabwera nkhondo ya ku Afghanistan, kenako ya ku Iraq, ndipo malamulo a pabwalo la ndege, a kubanki ndi a ziphaso zoyendera anasintha mpaka kwathu kuno. Mafunde ake anafika pakhomo penipeni mu Juni 2003, pamene amuna asanu ochokera kunja, awiri a ku Turkey, mmodzi wa ku Saudi Arabia, wa ku Kenya ndi wa ku Sudan, anagwidwa ku Blantyre powaganizira kuti ankathandiza al-Qaeda. Khoti lalikulu linaletsa kuwatulutsa m'dziko, koma anatulutsidwabe. Ku Mangochi Asilamu ena okwiya anachita ziwawa, matchalitchi ndi maofesi ena anaphwanyidwa, ndipo patapita pafupifupi mwezi amuna aja anamasulidwa ku Sudan opanda mlandu uliwonse. Choncho m'pomveka kuti tsikulo likumbukiridwe. Koma taonani chimene mfundoyi ikuvomereza mosadziwa: kukula kwa chiwembu tikukuyeza ndi mphamvu za dziko limene lavulazidwa, osati ndi anthu amene afa. America itamenyedwa inali ndi mphamvu zogwedeza aliyense, n'chifukwa chake tonse tinamva. Msodzi wa ku Palma analibe wogwedeza. Ngati tikumbukira okhawo amene imfa yawo inasuntha maboma, ndiye kuti mitima yathu tayipereka kuti iziyendetsedwa ndi amphamvu. Onaninso kuti za 2003 zomwezo, zimene zinachitika pabwalo pathu ndi kukhudza malamulo athu, ndi ochepa amene akuzikumbukira.

Pali chinthu china chimene chimachititsa kuti uthenga wakutali ukhazikike kapena uterereke, ndicho bala limene womverayo ali nalo kale. Munthu amamva tsoka la mnzake kudzera m'tsoka lake. Kwa anthu ambiri akumidzi, miyezi yotsatira Seputembala 2001 siikumbukiridwa chifukwa cha ndege, koma chifukwa cha njala: chimanga chinakwera mtengo, nkhokwe za boma zinapezeka zopanda kanthu, ndipo pofika Febuluwale 2002 pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Amene ankadya gaga ndi mizu masiku amenewo ali ndi kalendala yawoyawo. Koma pa nkhani ya Palma, bala la Mulanje ndi lofanana ndendende ndi uthengawo, ndipo n'chifukwa chake kuiwala kwathu kumandipweteka kwambiri. Mu 1986 asilikali a Renamo, amene anthu ankawatcha matsanga, analanda tauni ya Milange, ndipo anthu zikwi zambiri anawoloka malire atasenza mitolo, ana kumsana, ena opanda ngakhale nsalu yofunda. Ku Muloza kunakhala kampu ya othawa nkhondo, ndipo ambiri anangolandiridwa m'midzi ndi achibale awo a Chilomwe, n'kupatsidwa pogona ndi kamunda. Pofika 1992, pamene mgwirizano wa mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala, Malawi, dziko la anthu osapitirira kwenikweni 8 miliyoni pa kalembera wa 1987, linali likusunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni. Gogo wa ku Muloza safunika kumufotokozera kuti kugona m'tchire ndi mwana woyamwa, ukumutseka pakamwa kuti asalire, n'kutani. Anazimva kwa anthu amene anagona m'khitchini mwake.

Imani pachipata cha Muloza m'mawa wa tsiku la msika muone. Njinga zikutsetsereka kuchokera ku Milange, iliyonse itasenza matumba awiri kapena atatu a chimanga, woyendetsa akuikankha thukuta lili kamukamu, patapata atatha chidendene. Amayi akuwoloka ndi madengu a nandolo ndi chinangwa, osintha ndalama akuwerenga makwacha ndi ma meticais m'manja, ndipo m'chiganizo chimodzi mumamveka Chichewa, Chilomwe ndi Chipwitikizi. Pamenepa palibe amene angakuuzeni kuti Mozambique ndi kunja. Ndiye tikamva kuti ambiri mwa anthu a ku Palma amene anakwanitsa kufika ku Tanzania anabwezedwa mokakamiza kudzera pamalire a Negomano, monga linadandaulira bungwe la UNHCR, anthu a boma lino ndi amene ali ndi muyeso woyezera kulemera kwa nkhaniyo kuposa wina aliyense. Iwo anatsegula khomo pamene ena anatseka. Chikumbumtima chotere chilipo kale m'midzi yathu, kungoti palibe amene anachigwirizanitsa ndi za ku Cabo Delgado.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera kuposa koyamba, ndipo kumachokera kwa anthu otopa. Amati: tili ndi maliro athu osatha, bwanji tisenzenso a eni? Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa 600,000 n'kusiya nyumba zawo; Mulanje ndi Phalombe anali pakati pa maboma ovulala kwambiri. Akuluakulu akukumbukirabe Napolo wa 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola anthu mazanamazana. Mu Malichi 2021 momwemo, pamene Palma inkayaka, ife tinali tikungochoka m'funde la Covid-19 limene linatenga nduna ziwiri tsiku limodzi mu Januwale. Mtima wa munthu uli ndi malire, ndipo wothyola tiyi amene akuganiza za fizi ya mwana sangadzudzulidwe chifukwa chosadziwa dzina la tauni ya m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Zonsezi n'zoona. Koma mtima womwewo unapeza malo a New York. Vuto si kuchepa kwa malo, koma kuti amene amasankha zolowa m'malomo si ife. Ndipo amene anataya abale mu Freddy osapeza mitembo yawo akudziwa kuwawa kwapadera kwa maliro opanda manda, kwa dzina limene silinalembedwe paliponse. Sindikufuna kutsamira pa mwambi wakuti chaona mnzako chapita, ngati kuti tizikumbukira a ku Palma pongoopa kuti mawa ndi ife. Pamudzi sitipita kumaliro chifukwa cha mantha. Timapita chifukwa wamwalirayo anali munthu, ndipo ofedwa sayenera kukhala okha.

Kutsutsa kwachitatu ndi kumene ndimakuopa, chifukwa kuli ndi umboni wa kuno komwe. Kukamba za zigawenga m'dera la malire kungadzutse mantha, ndipo mantha akadzuka amafuna munthu womuloza chala. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera za anamapopa, zomwe zinkanenedwa kuti zachokera ku Mozambique, zinagwira Mulanje ndi Phalombe. Anthu ankagona panja m'magulu, achinyamata anatseka misewu, alendo ndi anthu ongodutsa anamenyedwa, ndipo anthu osachepera 9 anaphedwa m'chigawo cha kumwera. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma awiriwa. M'nyengo yomweyo, pa 5 Okutobala 2017, ndi pamene zigawenga zinaukira koyamba polisi ya ku Mocímboa da Praia n'kuyambitsa nkhondo ya Cabo Delgado. Ife tinali tikusaka opopa magazi amene kunalibe, pomwe tsidya lina magazi enieni anali atayamba kukhetsedwa. Ndiye wina angafunse: ngati mphekesera chabe inapha anthu, nanga nkhani ya zigawenga zodula mitu idzatani kwa mlendo wovala mkanjo amene watsika basi pa Limbuli?

Yankho lili m'chitsanzo chomwecho. Chimene chinapha anthu mu 2017 si kudziwa zambiri, koma kudziwa mwachimbulimbuli. Mphekesera ilibe dzina, ilibe tsiku, ilibe malo. Imangoti "akubwera," ndipo aliyense wosadziwika amasanduka iwowo. Mawu akuti "ma Al-Shabaab ali ku Mozambique" ali m'gulu lomwelo, ndipo ndi amene tili nawo panopa. Kukumbukira kwenikweni kumachita zosiyana, chifukwa kumakakamiza munthu kudziwa kuti anafa ndani. Akadziwa, amapeza kuti m'mphepete mwa nyanja ya Cabo Delgado anthu ambiri ndi Asilamu, kotero ambiri mwa ophedwa ndi othawa ndi Asilamu. Amapeza kuti mashehe a m'deralo anachenjeza boma za kagulu kameneka nkhondo isanayambe. Amamva za mudzi wa Xitaxi m'boma la Muidumbe, komwe mu Epulo 2020 anthu 52, ambiri achinyamata, anaphedwa, ndipo akuluakulu a boma ananena kuti chifukwa chake chinali kukana kulowa gululo. Amadziwanso kuti gululi, ngakhale limatchedwa Al-Shabaab, si lija la ku Somalia. Ndi la komweko, lomwe pambuyo pake linadziphatika ku Islamic State, ndipo linamera pakati pa achinyamata osowa ntchito m'chigawo chodzala gasi ndi miyala ya rubi chimene eni ake sanalawe phindu lake. Munthu wodziwa zimenezi savutitsa mnansi wake wopita kumzikiti Lachisanu. Amene amavutitsa ndi uja anangoona kavidiyo pa foni.

Za foni zija ziyenera kunenedwa mosabisa, pakuti zinthu zasintha kuchokera mu 2001. Lero uthenga sudikira madzulo; umalowa m'thumba kudzera pa WhatsApp ndi Facebook, nthawi zambiri ngati kanema wa mitembo wopanda tsiku ndi malo, amene mwina anajambulidwa m'dziko lina zaka zapitazo. Pambuyo pa mabomba a pa mpikisano wothamanga wa ku Boston mu Epulo 2013, Alison Holman, Dana Rose Garfin ndi Roxane Cohen Silver anapeza kuti anthu amene ankatha maola 6 kapena kuposa pa tsiku akutsatira nkhaniyo m'sabata yoyamba anali ndi nkhawa yaikulu kuposa ngakhale amene anali pamalopo kapena pafupi. Kuonerera kumavulaza, ndipo zigawenga zimadziwa. Zimapha anthu ochepa kuti ziopseze ambiri, ndipo aliyense wotumiza kanema wawo kugulu la mpingo kapena la banja wawagwirira ganyu yaulere. Kumaliro timaphimba thupi n'kutchula dzina. Kanema wa pa foni amavula thupi n'kutaya dzina.

Boma lathu silinganene kuti nkhaniyi ndi yachilendo. Mu Julaye 2021 asilikali a Rwanda ndi a maiko a SADC analowa m'Cabo Delgado, ndipo mu Januwale 2022 atsogoleri a SADC anakumana ku Lilongwe, Lazarus Chakwera ali wapampando, n'kuwonjezera nthawi ya ntchito ya asilikaliwo. Gulu la SADC linachoka mu 2024 nkhondo isanathe. Inali itafika kale ku Mecula m'chigawo cha Niassa kumapeto kwa 2021, ndipo mu 2022 inawoloka kulowa m'chigawo cha Nampula, komwe mu Seputembala pa mishoni ya Chipene zigawenga zinapha sisitere wa ku Italy, Maria De Coppi. Nampula ndi chigawo choyandikana ndi Zambezia, komwe kuli Milange. Anthu amene anathawapo m'nyumba zawo chiyambire 2017 apitirira 1 miliyoni, ndipo m'midzi ya Amakua mwadzukanso Naparama, gulu la anthu wamba lodalira mankhwala oletsa zipolopolo, limene akuluakulu a m'malire muno analimva koyamba m'nkhondo ija ya kale. Zonsezi zimakambidwa m'mahotela a misonkhano, m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi. Sizinatsikebe m'chiyankhulo chimene mayi wa ku Thuchila amalirira.

Zida zotsitsira nkhaniyi tili nazo, ndipo sizifuna ndalama za wopereka thandizo. Kuli wailesi ya Mzati yomwe imamveka m'midzi ya boma lino. Kuli maguwa a CCAP ndi a Katolika, kuli mizikiti, kumene mapemphero a anthu ovutika amachitika sabata iliyonse ndipo dzina la Palma lingatchulidwe pa 24 Malichi monga amatchulira ena. Kuli aphunzitsi amene amaphunzitsa mapu a Africa, oti angaike chala pa Mulanje, china pa Chitipa, china pa Palma, ana aone okha. Ndipo mwezi wa Okutobala uliwonse anthu amasonkhana pa Chonde kumwambo wa Mulhako wa Alhomwe, kuvina tchopa ndi kukumbukira makolo amene anachoka cha kuphiri la Namuli pothawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzayamba moyo watsopano m'minda ya tiyi ya kuno. Mwambo wonsewo ndi wa anthu amene anathawapo, okumbukira kumene anachokera. Mayina a ku Palma analembedwa kale ndi aja anayenda khomo ndi khomo, pamodzi ndi zaka za eni ake. Kuwerenga mayina 1,193 modekha, monga ankawerengera wolengeza wa mauthenga achisoni, kungatenge nthawi yosakwana maola awiri.